Tsamba Lakumbuyo

M'sutikesi ya amayi anga, pansi pa zitenje zomwe amavala popita ku ukwati ndi ku maliro, muli kabuku ka masamba asanu ndi atatu. Mapepala ake adayamba kufiira ndipo ulusi womwe tidakasokera udaduka mbali imodzi. Amayi sadziwa kuwerenga, komabe tsamba lomwe pali dzina lawo amalidziwa bwino lomwe, mwakuti mlendo akafika amamutsegulira pomwepo osaphonya. Kabuku kameneka ndi pologalamu ya sewero lomwe tidachita mu Okutobala chaka cha 2019, ndili Folomu 3 pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'dera la Mfumu Yaikulu Khombedza, m'boma la Salima. Ine ndidali msungichuma wa gulu la zisudzo, choncho ndine ndidayenda khomo ndi khomo kugulitsa malo otsatsira malonda m'kabukumo.

Kwathu kulibe holo ya zisudzo. Khombedza ili m'mbali mwa msewu wa M5 womwe umachoka ku Salima kulowera ku Nkhotakota, ndipo anthu ake ndi alimi a mpunga, chimanga ndi thonje, ena ndi ogulitsa nsomba zochokera kunyanja. Masewero ambiri tidawadziwira pa wailesi, ndipo ena tinkawaona mabungwe akabwera ndi uthenga wa Edzi kapena wa kolera. Oterewa adali aulere, ndipo palibe yemwe ankafunsa kuti walipira ndani. Gulu lathu litafuna kukapikisana ndi sukulu zina ku boma, tidapeza kuti pakufunika ndalama pafupifupi K40,000 ya galimoto ndi chakudya cha anthu khumi ndi asanu ndi atatu. Tidagwirizana zoyamba taonetsa sewerolo pa sukulu pompo, polowa munthu azilipira K200. Titawerengetsa tidaona kuti ngakhale kalasi itadzaza mpaka m'mawindo, ndalamayo siyikwana.

Nzeru ya kabuku idachokera kwa Madamu omwe ankatiyang'anira. Iwo adaphunzira ku Chancellor College ku Zomba, sukulu yomwe gulu lake loyendayenda ndi zisudzo lidatchuka kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Tsiku lina adabwera ndi kabuku kakale ka sewero lomwe adakaonera ku French Cultural Centre mu mzinda wa Blantyre, malowo asadatsekedwe m'chaka cha 2011. Ife tidathamangira kuona mayina a atengambali, koma Madamu adatiuza kuti tiwerenge masamba omwe adali a sewero ndi omwe adali a malonda. Tidapeza kuti pafupifupi theka lidali la malonda. "Kabuku aka sikadalipiridwe ndi ochita sewero," adatero. "Kadadzilipira kokha, ndipo mwina kadagulanso zovala za atengambali."

Adatifotokozeranso kuti vuto la ndalama pa zisudzo silidayambe ndi ife. Du Chisiza Jr., yemwe adayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre m'chaka cha 1987 n'kumwalira mu 1999, adayesa kuti zisudzo zikhale ntchito yodyetsa munthu. Gertrude Kamkwatira wa gulu la Wanna-Do, yemwe adatisiya mu 2006, ndiponso a Kwathu Drama Group, omwe ankachita masewero m'Chichewa, onse ankadalira kuti anthu abwere ndi kulipira pakhomo. Mvula ikagwa, kapena mpira waukulu ukagundana ndi sewero, mipando imakhala yokhayokha koma holo imafuna ndalama yake yonse. N'chifukwa chake wochita zisudzo amayang'ana paliponse pomwe pangachokere khobidi, ngakhale pa pepala lomwe oonerera amagwira m'manja.

Tidakonza kabuku kathu ndi mapepala awiri opinda pakati. Kuchita fotokope tsamba limodzi kudali K30, kotero kabuku kamodzi kankatidya K120, ndipo timabuku 150 timafuna K18,000. Masamba anayi tidawasiyira sewero: chikuto, mayina a atengambali, chidule cha nkhani ndi mawu othokoza. Anayi enawo tidawaika pa malonda. Tsamba lathunthu lam'kati lidali K5,000, theka K3,000, kachigawo kakang'ono K1,500, ndipo ongofuna mzere umodzi pansi pa mawu othokoza ankalipira K500. Tsamba lakumbuyo kwenikweni, lomwe munthu amaliona asadatsegule n'komwe kabuku, tidalitchula K10,000. Zonse zikadagulidwa tikadapeza K32,000, ndipo pochotsa yosindikizira tikadatsala ndi K14,000.

Ndidayamba ndi mwini golosale yaikulu pa msika, ndili ndi chikhulupiriro kuti andilandira ndi manja awiri. Adandimvetsera akupimira munthu shuga, kenaka adandifunsa funso lomwe lidandisowetsa chonena. "Mwana wanga, ndani pa Khombedza pano sadziwa kuti ine ndimagulitsa sopo? Ndilipire K5,000 kuti anthu adziwe zomwe akudziwa kale?" Ndidatuluka ndili wamanyazi. Funsoli lidali lanzeru, ndipo yankho lomwe ndidaloweza kwa Madamu silidamukhudze.

Yankho limenelo ndidadzalimvetsa bwino nditafika ku yunivesite. Ku New York kuli kabuku kotchedwa Playbill komwe oonerera masewero a ku Broadway amapatsidwa kwaulere. Chiyambi chake ndi chaka cha 1884, pomwe munthu wina dzina lake Frank Vance Strauss adayamba ntchito yosindikiza mapologalamu a zisudzo okhala ndi malonda. Ku London mapologalamu otere amagulitsidwa, koma namonso malonda sasowa. Amalonda amakonda timabukuti pa zifukwa zomveka. Munthu yemwe wakhala pa mpando kudikira kuti sewero liyambe alibe kothawira, ndipo amawerenga chilichonse chili m'manja mwake. Munthuyo wabwera wokondwa, ali ndi kandalama kotsala poti wakwanitsa kugula tikiti, ndipo kawirikawiri kabukuko amapita nako kunyumba ngati chikumbutso. Nyuzipepala ya lero mawa ikulunga mandasi, koma pologalamu imasungidwa. Zonsezi n'zoona mu mzinda momwe wamalonda ndi wogula sadziwana. Kwathu wogulitsa sopo ndi wogula sopo amapemphera tchalitchi chimodzi, ndipo mwina adakwatirana pachibale.

Chomwe chidatsegula matumba a anthu chidali china. Mwini chigayo atamva nkhani yanga sadafunse kuti tisindikiza timabuku tingati. Adangoti, "Kodi tsikulo mudzatitchula mayina anthu akumva?" Nditavomera adatulutsa K3,000 nthawi yomweyo. Nditabwerera kwa mwini golosale n'kumuuza kuti achigayo alembetsa, adakhala chete pang'ono n'kufunsa kuti atenga malo aakulu bwanji. Atamva kuti ndi theka, iye adatenga tsamba lathunthu. Telala adalembetsa, wokonza njinga adalembetsa, mnyamata wotumiza ndalama pa foni adalembetsa, ndiponso mayi wina wophika tiyi. Ndidazindikira kuti anthuwa sakugula makasitomala. Ankafuna kuti mudzi ukasonkhana kudzaona ana ake, iwo awerengedwe m'gulu la omwe adagwirapo dzanja. Zidafanana ndi pelekanipelekani wa pa ukwati, pomwe munthu amaponya ndalama akuvina kuti aliyense aone.

Mmisiri wa matabwa ndiye adatipatsa mutu waching'alang'ala. Iye adalimbikira kuti tilembe kuti amakhoma mabokosi a maliro otsika mtengo, poti ndi omwe amamubweretsera ndalama. Madamu adakana kuti munthu wobwera kudzaseka asakumane ndi bokosi pa tsamba lachitatu. Titakambirana kwa nthawi tidagwirizana kulemba kuti "mipando, zitseko, mabedi ndi zina zotero." Pa tsiku la sewero anthu adaseka kwambiri pa mawu akuti "zina zotero" kuposa pa nthabwala zina zomwe tidakhala sabata zitatu tikuyeserera.

Tsamba lakumbuyo lidagulidwa ndi bambo wina wogula mbewu. Adali munthu wodziwika, wokhala ndi sitolo yosungiramo matumba ndiponso sikelo yopachika pa mtengo. Sadanenerere. Adawerenga K10,000 n'kundipatsa, nati tilembe ndi zilembo zikuluzikulu kuti iye ndi bwenzi la mlimi. Ndidathamanga kukauza anzanga ndipo tsiku limenelo adandinyamula m'mwamba. M'chisangalalocho palibe yemwe adakumbukira kuti sewero lathu likukamba za chiyani.

Sewero lathu lidali la venda wogula mpunga ndi sikelo yobera. Tidalilemba tokha kuchokera pa zomwe tinkaona chaka ndi chaka: boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, a Malawi Bureau of Standards ali ndi udindo woyesa masikelo, komabe mlimi wosowa ndalama ya sopo lero sangadikire zonsezo. Amagulitsa kwa yemwe wafika pakhomo. M'sewerolo mayi wamasiye amabweretsa thumba lomwe akudziwa kulemera kwake, sikelo n'kunena zina. Sitidalembe za munthu aliyense, koma mudzi waung'ono suchedwa kuvalika munthu malaya omwe waona pa siteji.

Patatha masiku anayi bambo aja adandiitanitsa. Mwana wa mlongo wawo adali m'gulu lathu, ndipo adakafotokoza kunyumba mosaganizira. Sadakalipe. Adandipatsa mpando ndi botolo la chakumwa chozizira, n'kunena mofatsa. "Mnyamata iwe, ine ndakuthandizani ngati ana anga. Tsono anthu adzaone dzina langa kumbuyo kwa kabuku, akakweza maso aone venda wakuba? Sinthani. Akhale wakuba mbuzi kapena mfiti, nkhani ikomabe. Apo ayi, mundibwezere yanga." Ndikutsanzika adawonjezera mawu omwe adandilasa kwambiri: "Ukawapatse moni bambo ako."

Moni ameneyo ndidamumva bwino tanthauzo lake. Chaka chilichonse mwezi wa Febuluwale, nkhokwe ikauma, bambo anga ankakatenga ndalama kwa munthu yemweyu, n'kudzabweza ndi matumba a mpunga pokolola. Fizi yanga ya teremu ina idachokera m'thumba lomwelo. Choncho pa msonkhano wa gulu, ine ndi amene ndidaimirira kunena kuti tisinthe sewero. Ndidayankhula ngati msungichuma, ndi masamu m'manja: tikabweza K10,000 titsala ndi K4,000 yokha tikasindikiza. Za ngongole ya kwathu sindidatchule. Mtsikana yemwe ankatenga mbali ya mayi wamasiye adandiyang'ana n'kunena kuti thumba la m'seweroli ndi la agogo ake, ndipo iye sangalire pa siteji chifukwa cha mbuzi yomwe sidabedwe.

Madamu adatisiya tikangane mpaka tidatopa. Kenaka adatikumbutsa kuti m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, potsatira lamulo la 1968, sewero linkayenera kuwerengedwa ndi bungwe la boma lounika mabuku ndi zisudzo lisadaonetsedwe, ndipo mawu osakondweretsa akuluakulu ankachotsedwa. Alembi a nthawi imeneyo ankadziwa yemwe akuwatseka pakamwa. "Lero wotseka pakamwa sabwera ndi chidindo," adatero. "Amabwera ndi thandizo, ndipo iwe mwini umadzitseka uku ukuthokoza." Adatenga kabuku kakale kaja n'kutionetsa kuti malonda ali pa masamba awo, sewero lili pa masamba ake. Adati tidagulitsa tsamba limodzi la pepala, ndipo ngati wogula akuganiza kuti adagula siteji, ndiye kuti sitidamvane pa malondawo, tibweze ndalama. Tidavota pokweza manja. Ofuna kusintha tidalipo atatu.

Poti ndine ndidalandira ndalamayo, ndinenso ndidakaibweza. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bambo aja adaiwerenga kawiri, adaiika m'thumba la malaya, ndipo sadandipatsenso mpando.

Usiku umenewo ndidalephera kudya. Amayi atandiumiriza ndidawafotokozera zonse, ndikuyembekezera kuti andikalipira poika banja pa mavuto. Iwo adangofunsa kuti, "Nanga tsamba lopanda kanthulo mulembapo chiyani?" Ndidati palibe. Adafunsanso ngati munthu wogulitsa usipa pa mphasa amaloledwa kulembedwa m'buku, kapena ndi za eni masitolo okha. Kunena zoona, m'maulendo anga onse sindidaganizeko zofika kwa amayi a pa msika. Ndinkawadutsa tsiku ndi tsiku ndi kope langa, kuthamangira makomo okhala ndi malata. Amayi adatengera nkhaniyi ku gulu lawo la banki m'khonde, ndipo Lachisanu adandibweretsera K3,400 yomangidwa pa nsonga ya chitenje. Amayi khumi ndi asanu ndi awiri adasonkha K200 aliyense. Adapempha chinthu chimodzi: dzina la aliyense lilembedwe pamodzi ndi chomwe amagulitsa, wa tomato, wa usipa, wa zitumbuwa, wa nkhuni, popanda wokhala ndi zilembo zazikulu kuposa mnzake.

Ndalamayo sidafike pa yomwe tidabweza, choncho tidatsitsa timabuku kuchoka pa 150 kufika pa 100. Madamu adandituma kuti ndikauze aliyense yemwe adalipira kale, popeza tidawalonjeza chiwerengero china. Ndinkaopa kuti ena afuna ndalama zawo, koma onse adangofunsa ngati kutchula mayina kudakalipo. Tidakasindikiza ku boma, ndipo posowa chomangira tidasoka timabukuto ndi singano usiku wonse.

Tsiku la sewero kudatentha monga mmene Salima amatenthera mu Okutobala. Tidachotsa madesiki m'kalasi yaikulu ndipo anthu adadzaza mpaka panja. Ndidaima pakhomo kugawa timabuku, kamodzi pa anthu awiri kapena atatu, n'kumayang'anitsitsa chomwe akuchita nato. Ambiri adayamba atigwiritsa ntchito ngati chokupizira mphepo. Kenaka ana asukulu adayamba kuwerengera makolo awo mokweza, ndipo kabuku kamodzi kankamvedwa ndi benchi yonse. Woyendetsa mwambo atafika pa tsamba lakumbuyo n'kuyamba kutchula amayi aja mmodzimmodzi, nthungululu idamveka pa dzina lililonse. Amayi anga adaphimba nkhope ndi chitenje, koma mapewa awo ankagwedezeka ndi kuseka.

Bambo ogula mbewu aja adabwera. Adalipira K200 yawo, adakhala kutsogolo, ndipo venda wa m'sewero atagwidwa ndi mwala womwe ankabisa pa sikelo, iwo adaseka mokweza kuposa aliyense. Mpaka lero sindidziwa ngati kudali kuseka kwenikweni kapena kudali kuuza anthu kuti malayawo si awo.

Ndikadakonda kulemba kuti zonse zidatha bwino, koma sizidatero. Ku boma tidapita, ndipo sitidapambane. Telala adatiuza kuti adapeza anthu atatu osoketsa yunifolomu chifukwa cha kabukuko. Wokonza njinga sadapeze aliyense, poti ine ndidalakwitsa nambala imodzi ya foni yake, ndipo adandikumbutsa zimenezi kwa chaka chathunthu. Nyengo yokolola itafika sikelo ija idapachikidwanso pa mtengo womwewo ndipo anthu adapita kukagulitsa, popeza sewero silisintha njala ya munthu. Mwezi wa Febuluwale chaka cha 2020 bambo anga adapita kukapempha ngongole monga mwa nthawi zonse, ndipo adabwerako chimanjamanja. Chaka chimenecho tidagulitsa mbuzi ziwiri mwa zitatu zomwe tidali nazo. Bambo sadandinenepo kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kudandiwawa kuposa ndodo. Mu Malichi sukulu zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo gulu lathu la zisudzo silidadzukenso mmene lidalili.

Nthawi zina ndimadzifunsa ngati anzanga adachita bwino kundigonjetsa pa voti ija, poti mtengo wa chilungamo chawo udalipiridwa ndi khola la kwathu. Yankho langa limasinthasintha malinga ndi mmene m'thumba mulili. Chomwe sichisintha n'chakuti zisudzo sizingayende popanda ndalama za ena, ndipo wamalonda wofuna kuika dzina lake pafupi ndi sewero sakulakwa. Mwini golosale, mwini chigayo ndi telala adatithandiza popanda kufunsa kuti sewero likuti chiyani. Cholakwa chathu chidali kusanena poyamba pomwe malire a malondawo. Tikadauza bambo aja nkhani ya sewero asadatulutse ndalama, akadasankha okha kulowa kapena kukana, ndipo pakadakhala popanda chidani. Cholakwa chachiwiri chidali kuika chiyembekezo chathu chonse pa tsamba limodzi la munthu mmodzi. Anthu khumi ndi asanu ndi awiri a K200 sangakuuze kuti usinthe sewero, chifukwa palibe mmodzi mwa iwo yemwe angaligwetse pochotsa yake.

Kuno ku yunivesite ndikapita kukaonera sewero n'kupatsidwa pologalamu, ndimayamba ndatembenuza kuti ndione yemwe ali kumbuyo. Kawirikawiri pamakhala chizindikiro cha kampani kapena cha bungwe lothandiza, ndipo ndimaonera sewerolo ndikudzifunsa ngati pali mawu omwe adachotsedwa kuti chizindikirocho chikhalepo. Patchuthi chapitachi ndidapempha amayi kuti andibwereke kabuku kathu ndidzaonetse anzanga a m'kalasi. Adakatulutsa m'sutikesi, adakafunyulula, adaloza dzina lawo lomwe lili lachisanu ndi chinayi pa mndandanda, n'kundiuza kuti ndingojambula ndi foni chifukwa ana asukulu timataya zinthu.